Ufa Umene Ndinapereka Masana

Anthu a ku Lusaka amachikumbukira ngati chaka cha ufa wachikasu. Chilala chinapsereza minda kumayambiriro kwa 1992, ndipo chimanga chimene tinadya mpaka kukolola kotsatira chinachokera kumaiko akunja. Ine ndinali wokonza zolakwa m'nkhani za nyuzipepala ina m'tauni. Ntchitoyo inatha pakati pa chaka, pamodzi ndi ya anzanga ambiri. Inandisiyira chizolowezi chimodzi: kulemba chimene chinachitika, osati chimene ndikanakonda kuti chichitike. Ndiyesa kutero pano.

Okutobala

Mkazi wanga Enelesi ndi ana athu atatu ndinali nditawakweza kale basi ya ku Katete. Tinagwirizana kuti iwo akalime munda wa apongozi anga, ine nditsale m'tauni kusaka ndalama ndi kumawatumizira mwezi ndi mwezi kudzera mwa kondakitala wina wa kwathu. Nyumba imene tinkakhala ndinaisiya. Ndinapeza chipinda chimodzi ku Mtendere, imodzi mwa makomboni a anthu osauka mu Lusaka, pamdadada wa zipinda za mayi wina amene aliyense ankamutchula amake Joisi.

Ndalama ndinkazipeza m'njira ziwiri. Kampani ina yaing'ono yosindikiza ku Kamwala inkandiitana ikakhala ndi ntchito, makamaka mapulogalamu a maliro. Masiku ena ndinkagulitsa nyuzipepala zakale kwa amayi a pamsika, zokulungira kapenta. Nkhani zimene ndinazikonza ndi manja anga ndinkaziona zikupita kunyumba za anthu zitanyowa mafuta.

Khoma la pakati pa chipinda changa ndi choyandikana nacho silinafike kudenga. Panatsala mpata woti mphaka n'kudutsa. Motero ndinadziwa zambiri za mnansi wanga ndisanawaone bwino nkhope. Anali mayi wa Chibemba wochokera ku Kitwe, wamasiye, wokhala ndi mwana mmodzi wamkazi amene anali atangoyamba sukulu. Mwanayo dzina lake linali Chanda, ndiye mayiwo ankaitanidwa bana Chanda, monga amachitira kwawo. Amuna awo atamwalira, abale a malemuyo anatenga katundu yense mpaka mbale, nawanena kuti ndiwo anapha m'bale wawo. Ku Mtendere ankagulitsa vitumbuwa m'mbali mwa msewu wopita kumsika.

Bana Chanda ankapemphera mokweza asanadye, m'mawa, masana ndi madzulo. Pemphero lawo linali la Chibemba, lalifupi, ndipo mwanayo ankalimaliza ndi ameni wautali. Ine ndinabadwira mumpingo, ndipo kutchalitchi kwathu ndinali wowerenga Mawu Lamulungu lililonse. Koma kupemphera ndekha pambale ya munthu mmodzi kunkandikanika. Mawu ankatuluka ngati ndikuwerenga chidziwitso cha boma. Choncho ndinayamba kudikira. Ndikapakula ndinkakhala chete mpaka liwu lawo lidutse pampata paja, kenako n'kuvomera chamumtima. Iwo sankadziwa.

Novembala

Mvula inagwa pakati pa mwezi, ndipo Lusaka yense anatulutsa makasu. Aphunzitsi, makalaliki, madalaivala ochotsedwa ntchito, onse anali kubzala: m'mbali mwa misewu, pansi pa mawaya a magetsi, paliponse pamene panalibe nyumba. Ine ndinali ndi kamunda kupitirira komboni ya Kalikiliki, pamalo opanda mwini wodziwika. Malire anga anali chulu kumpoto ndi galimoto yowola kummwera. Ndinabzala chimanga ndi maungu.

Mtengo wa ufa sunkakhazikika. Mwini sitolo wa pakona anasiya kuulemba ndi penti, nayamba kulemba ndi choko. Ambiri tinasiya kugula thumba lathunthu. Tinkagula timapepala ta pulasitiki tokwana kuphika kamodzi, timene anthu ankatitcha pamela. Ufawo unali wachikasu, wa fungo lake, ndipo mphekesera zinabwera nawo limodzi. Ena ankati kwawo kumene unachokera ndi chakudya cha ng'ombe. Ena ankati mwamuna akaudya nthawi yaitali sabereka. Amuna omwewo amene ankanena zimenezi pa kantemba, kasitolo ka m'mbali mwa njira, ndinkawaona madzulo atabisa pamela m'thumba la jekete.

Chinasinthanso china chimene nyuzipepala sizinalembe. Kale ku komboni anthu ankaphikira panja, ndipo wodutsa ankaitanidwa kuti adye nawo, ngakhale mwaulemu chabe. Mwezi umenewu mbaula zinalowa m'nyumba. Zitseko zinkatsekedwa nthawi ya chakudya. Ana anaphunzitsidwa kupukuta pakamwa asanatuluke. Pamdadada wathu wonse, bana Chanda okha ndiwo ankalengezabe kuti akudya, chifukwa cha pemphero lawo lija.

Disembala

Chimanga changa chinafika m'mawondo. Ndinapalira ndekha, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litakwera, popanda wolankhula naye. Feteleza sindinathire. Mtengo wake ndinangoufunsa n'kutuluka.

Mvula inabwera ndi matenda a kolera m'makomboni ena, ndipo kugulitsa zakudya m'misewu kunaletsedwa. Bana Chanda anayesa kugulitsa vitumbuwa mobisa, m'beseni lovundikira ndi chitenje, koma mafuta ophikira ndi fulawa zinali zitakwera kale moti phindu linatha. Anayamba kufuna maganyu ochapa m'nyumba za anthu olemera ku Kabulonga. Kumeneko pageti lililonse panali kale amayi ena akudikira.

Zonsezi sanandiuze. Ndinazimva pakhoma. Pemphero la masana linayamba kusowa. Kenako la m'mawa. Pofika Khirisimasi linatsala la madzulo lokha.

Tsiku la Khirisimasi ndinawerenga Mawu kutchalitchi, anthu atadzaza mpaka pakhomo. Mkulu wa mpingo wa dera lathu, a Mbewe, anandigwira dzanja potuluka.

"A Sakala, Mulungu anakupatsani liwu. Mukamawerenga, ngakhale ana amasiya phokoso."

Ndinathokoza, ndinabwerera kuchipinda, ndinadya ndekha. Kondakitala anali atabwera ndi uthenga wakuti ku Katete onse ali bwino, mvula ikugwa, ndipo Dalitso, mwana wathu woyamba, akulima ngati munthu wamkulu.

Januwale

Sabata yachiwiri ya mwezi, pemphero la madzulo linayamba kudumpha masiku. Ndinkapakula, ndinkadikira, kuseri kwa khoma kuli zii. Chakudya chinkazizira ndikadali kudikira.

Kuyambira ubwana ndinaphunzitsidwa kuti chopereka chabwino ndi chamseri. Choncho m'mawa wina, anthu asanayambe kutuluka, ndinaika pamela pachitseko chawo n'kubwerera mwanga. Ndinali wokondwa. Patapita kanthawi ndinamva kufuula.

"Amake Joisi, bwelani muone! Banipeza futi!"

Ndinatuluka ndi mswachi m'manja. Bana Chanda anali ataima patali ndi kapepala kaja, atakumbatira mwana wawo.

"Bandani bakupeza?" anafunsa amake Joisi.

"Ba kwa bamuna banga. Nindani wina angasiye unga pa chitseko chaka chino? Muli mankhwala umu."

"Osagwila na manja, iwe! Tenga fosholo."

Ndinayesa kulowererapo. "Kapena ni munthu chabe wachifundo."

Amake Joisi anaseka mpaka kutsokomola. "Ba Sakala, munaphunzila maningi koma komboni simuiziba. Wachifundo amagogoda."

Ufa umene ku Lusaka amati unga unanyamulidwa pafosholo, anthu akuonerera, n'kukatayidwa m'chimbudzi. Tsiku limenelo mayi ndi mwana sanadye, ndiponso anagona ndi mantha amene analibe dzulo lake.

Ndinayesa njira zina. Ndinapita kwa amayi Mbewe, akazi a mkulu wa mpingo uja, amene ankatsogolera amayi a mpingo wathu, kuwapempha kuti ndiziwapatsa ufa iwo azikapereka.

"A Sakala, amasiye athu mumpingo muno sitinawakwanitse," anatero. "Mukatipatsa, tiyamba ndi athu. Mayiyo ali ndi mpingo wake."

Sananame. Mpingo wa bana Chanda unkasonkhana m'kalasi ya sukulu ina, ndipo onse a mumenemo anali osauka ngati iwo. Ndinapempha amake Joisi kuti azipereka m'dzina lawo.

"Awe," anakana. "Mailo mukazi wanu akabwela azakamba ati ndine ninali kutumikila. Sinilowamo. Ndipo ngati nampasa uyo, bonse ba pa mdadada bazafuna."

Febuluwale

Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku. Njira za ku Mtendere zinasanduka matope, makala anakwera mtengo, ndipo chimanga m'minda chinali chitangomasula ngayaye, chosadyeka. Anthu ankadya masamba a maungu ndi bonongwe, ena opanda mchere. Panamveka kuti kubwera ufa waulere wa makomboni. Amayi anakhala pamzere kusukulu tsiku lonse, ndipo sikunabwere kanthu.

Chanda anasiya kupita kusukulu. Ndinkamuona atakhala pakhomo, tsitsi lake litayamba kufiira. Madzulo ndinkamumva akufunsa amayi ake funso limodzi lomwelo m'Chibemba, ndipo iwo ankamuyankha ndi nyimbo yapansipansi.

Ndiyenera kufotokoza lamulo limodzi la ku komboni limene silinalembedwe paliponse. Mwamuna wogulira mkazi ufa ndi mwamuna wake. Sopo kapena shuga zingakhale ndi matanthauzo ena, koma ufa ayi. Mwamuna akalowetsa thumba la ufa pakhomo pa mkazi wopanda mwamuna, nkhani yatha, palibenso chofunsa. Ine ndinali ndi mkazi kumudzi, ndinali wowerenga Mawu, ndipo ndinaphunzitsidwanso kuti Mkhristu apewe ngakhale chongooneka ngati choipa. Kupereka mobisa kunathera m'chimbudzi. Kupereka poyera kunali ndi dzina lake. Palibe mlaliki amene anandiuzapo chochita munthu akafika pamenepo. Ndinapemphera masiku angapo, ndipo sindinganene kuti ndinamva yankho. Ndinkangomva mwana uja.

Maliro anali ambiri mwezi umenewo, motero ku Kamwala ntchito inalipo. Nditalandira malipiro ndinagula thumba lathunthu. Ku Katete ndinatumiza zochepa kuposa nthawi zonse, ndi uthenga wakuti mwezi wamawa ndidzawonjezera.

Ndinasankha Loweruka masana, amayi atadzaza pampopi. Ndinaganiza kuti chinthu chochitika pamaso pa anthu onse sichingatchedwe chamseri. Ndinatsitsa thumba pakhomo pawo n'kuima panja.

"Odi, bana Chanda."

Anatsegula. Anayang'ana thumba, kenako anayang'ana kumpopi. Amayi onse anali atasiya kutunga, akutiyang'ana.

"Nabweletsa unga," ndinatero mokweza. "Uja wa mu Januwale ninasiya ndine. Unalibe mankhwala. Bweletsani chotengela, tigawane pakati."

"Ba Sakala," anayankha motsitsa mawu, "muziba vamene bazakamba?"

"Niziba."

"Muziba vamene bazakamba pali imwe. Va ine simuziba."

Kenako analowa, natuluka ndi ndowa. Ndinathira mpaka theka. Sanathokoze, ndipo sindinayembekezere kuti athokoze.

Ndisanafike pakhomo panga, wina pa kantemba anakuwa: "Ba mudala balowola na unga wa yelo!" Komboni yonse inaseka.

Malichi

A Mbewe anabwera Lachitatu, atavala jekete. Anakana kulowa, tinakhala pa njerwa panja.

"A Sakala, ine sindikunena kuti mwachimwa."

"Sindinachimwe, abambo."

"Ndikukhulupirira. Koma mpingo si ine ndekha. Mukaima kutsogolo ndi Buku, anthu sadzamva Mawu, adzaona thumba. Mupume kaye mpaka nkhaniyi izizire."

"Nanga mwanayo akanafa, nkhani ikanazizira msanga?"

Anayang'ana nsapato zawo. "Mukanabwera kwa ine poyamba."

"Ndinabwera kwa amayi akunyumba kwanu."

Anapemphera, nanyamuka. Kuyambira Lamulungu lotsatira ndinkakhala pabenchi yakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Amene analowa m'malo mwanga ankadumpha mizere, ndipo ndinkadziluma lilime kuti ndisamukonze. Anthu ankandipatsabe moni, koma wa patali. Sindinasiye kupita. Ndinaona kuti kumbuyoko kumakhala anthu amene sindinkawaona ndili kutsogolo: obwera mochedwa chifukwa chodikira kubwereka nsapato, ndi otuluka mbale ya chopereka isanafike.

Chimanga chinayamba kukhwima, ndipo akuba anayamba nacho. Mizere iwiri ya kufupi ndi galimoto yowola ija inapita yonse. Komabe ndinayamba kudya chimanga chachiwisi ndi maungu, ndipo njala inayamba kumasula komboni. Tsitsi la Chanda linaleka kufiira. Anabwerera kusukulu.

Zimene bana Chanda ananena pachitseko ndinazimvetsa mwezi umenewu. Ine ndinataya malo owerengera Mawu. Amuna a pa kantemba ankandiseka, koma mwa kuseka kwawo munali ulemu wina umene sindinaufune. Bana Chanda zinawathera mwina. Amayi pampopi ankasuntha zidebe zawo akafika. Atayambanso vitumbuwa, akazi okwatiwa sankagula. Tsiku lina dzuwa lisanalowe kunabwera mwamuna woledzera, atanyamula pamela m'mwamba ngati tikiti.

"Bana Chanda, segulani! Na ine nili na unga!"

Ndinatuluka kuti ndimuthamangitse. Anandiyang'ana n'kuseka. "Aa, pepani ba mwine. Sininazibe kuti mulipo." Kutuluka kwangako kunangowonjezera nkhani.

Epulo

Mvula inatha, m'mawa kunayamba kuzizira. Mapesi anauma. Pamsika panayamba kuoneka chimanga choyera cha chaka chino, ndipo anthu ankachigwira m'manja ngakhale osagula.

Bana Chanda anasamuka chakumapeto kwa mwezi. Mlongo wawo anawapezera malo ku Kitwe. Katundu wawo anakwana pa wilibala imodzi. Anagogoda pakhomo panga masana, amake Joisi akuonerera atakhala pampando.

"Ba Sakala, tayenda."

"Muyende bwino. Chanda, ukalimbikile sukulu."

"Mwana wanga ali moyo," anatero. "Ico sinizaibala, na Lesa aziba." Lesa ndi Mulungu m'chinenero chawo. Anakonza chitenje, nawonjezera: "Koma kuno siningankale futi. Olo nikapita ku chechi, bazimai baniyangana monga nabwela kutenga bamuna babo."

Ndinati pepani. Anapukusa mutu.

"Osapepesa. Ndowa ninatenga neka."

Chipindacho chinakhala chopanda munthu mpaka mwezi unatha. Amake Joisi anandiuza kuti ndawathamangitsira munthu wabwino, wosachita phokoso.

Meyi

Ndinakolola ndekha. Ndinapeza zokwana kudya miyezi ingapo, zimene kwa munda wopanda feteleza sizinali zochepa. Ndinazinyamula pang'onopang'ono panjinga yobwereka n'kuziunjika pakona ya chipinda.

Enelesi anafika osatumiza uthenga. Ndinamupeza madzulo ena atakhala pa thumba la chimanga pakhomo panga, kamwana kathu kotsiriza, Tiyamike, kali pamiyendo. Ana ena awiri anawasiya kwa amayi ake. Anali atawonda kwambiri. Tiyamike sanandithamangire. Anali ndi zaka zitatu koma ankaoneka wocheperapo kuposa mmene ndinamukwezera basi.

Amayi a pampopi anachedwa dala kutunga. Enelesi anandipatsa moni mwaulemu wonse, atagwada, kuti amayiwo aone. Tinalowa, natseka chitseko.

Kondakitala uja ndiye anafikitsa nkhani ku Katete. Ndinayamba kufotokoza kuchokera pachiyambi, mwadongosolo, monga ndachitira pano. Anandidula ndisanafike pakati.

"Atate ake Dalitso, za chigololozo musavutike nazo. Sindinakhulupirire ngakhale tsiku limodzi. Amayi anakhulupirira, ine ayi. Ndimakudziwani. Munthu wa chibwenzi sanyamula thumba masana."

Ndinapuma. Ndinaganiza kuti nkhani yatha.

"Funso langa ndi lina," anapitiriza. "Mu Febuluwale munkaganiza kuti ife tikudya chiyani?"

"Uthenga unkati muli bwino."

"Ndikanati chiyani, munthu alibe ntchito? Ndalama zanu zija zinatha sabata isanathe. Dalitso ankapita kukapalira minda ya eni kuti atipatse gaga. Uyu anatupa mapazi. Ndinamubereka kumsana mpaka kuchipatala, ndikudziuza kuti bambo ake atumiza zonse zimene anali nazo."

Ndinayang'ana mapazi a Tiyamike. Khungu linali likusendeka.

Ndakhala ndi funso limenelo zaka zonsezi. Sindinganene kuti ndinalakwa kudyetsa Chanda. Sindinganenenso kuti ufawo unali wanga ndekha woti ndigawe. Tsiku limenelo ndinalibe nthawi yoganiza zonsezi, ndiye ndinanena chimene chinali choona.

"Amake Dalitso, inu sindinkakumvani. Iwo ndinkawamva pakhoma."

Sanalire, sanakweze mawu. Anayang'ana chipinda chonse, bedi limodzi, mbaula, mulu wa chimanga pakona. Kenako ananyamula Tiyamike n'kumukhazika pabedi.

"Chabwino," anatero. "Chipinda cha mayiyo chili ndi munthu?"

"Ayi."

"Mawa mukalankhule ndi mwini nyumba. Ndikatenga ana aja sabata yamawa. Munda wa amayi alime achimwene. Kaya kubwera njala ina, kaya sikubwera, ife tikhala pano pamene mungatimve."